Njinga ya olumala si ya pachithunzi

Tatopa nawo mwambo uja. Galimoto ifika mu Nakatindi, atsitsa njinga za olumala, bwana aima kumbuyo kwa mwana, kamera iphethira, Facebook idzaza. Pakapita miyezi yochepa tayala laphulika, beringi yadya mchenga, njinga yasanduka poyanika zovala. Mwana wabwerera kumsana kwa amake, miyendo ikukwekwereza pansi chifukwa wakula.

Zambiri mwa njinga zimenezi anazipangira simenti ya m'chipatala, osati mchenga wa mu komboni. Komanso njinga imafuna kuyesa ngati nsapato. Yaikulu imakhotetsa msana, yopanda khushoni imabala zilonda. Ndani amamuyesa mwana asanamujambule?

Lamulo lilipo, Persons with Disabilities Act ya 2012, ndi ZAPD yoliyang'anira. Amisiri aliponso: Disacare imapanga njinga ku Lusaka, APTERS ku UTH imaumba mipando ya ana ndi makatoni. Koma Lusaka ili makilomita oposa 450 kuchokera kuno. Mayi wogulitsa tomato alipira basi ndi chiyani?

Mu 2022 CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni. Kagawo chabe ka ndalamazo kangaphunzitse anyamata okonza njinga pamsika kukonzanso za olumala, n'kugula matayala ndi mabatire a zothandizira kumva. Pempho limayambira ku Ward Development Committee. Tikadzaze msonkhanowo, olumala ali kutsogolo, a kansala atiuze tsiku limene malo okonzerawo adzatsegulidwe.