Msonkho wa Nkhuku ku South Africa: Akulipira Ndani?

Anthu a ku America ndi ku Ulaya amakonda nganga ya nkhuku. Ntchafu ndi miyendo sazilabadira kwenikweni, ndiye makampani akakolola phindu pa nganga, zotsalazo amazikweza sitima zili m'mafiriji n'kukazikhuthulira ku South Africa pa mtengo wozizira.

Malamulo a bungwe la WTO amalola dziko kuika msonkho wapadera pa katundu wotere, bola litasonyeza kuti akugulitsidwa motsika kuposa mtengo wake weniweni ndiponso kuti akupweteka makampani a m'dzikomo. South Africa inayamba ndi nkhuku za ku America mu 2000, kenako za ku Germany, Netherlands ndi Britain mu 2015. Mu 2023 mkwapulo unagwera Brazil, Denmark, Ireland, Poland ndi Spain, ndipo pa nkhuku zina za ku Brazil msonkho unafika 265 peresenti.

Dandaulo la oweta nkhuku si lopeka ayi. Mu 2017 kampani ya RCL Foods, eni ake nkhuku za Rainbow pa nthawiyo, inachotsa ntchito anthu oposa 1,000 ku Hammarsdale.

Koma msonkho wotere umayenera kutha pakapita zaka zisanu, pokhapokha ataunikanso n'kupeza chifukwa choupitirizira. Wa nkhuku za ku America wadutsa zaka 20 akungouwonjezera moyo. Pamwamba pa apo, mu 2020 boma linakweza msonkho wa nthawi zonse wa nkhuku zoduladula zamafupa kuchoka pa 37 kufika pa 62 peresenti. Makampani akuluakulu a nkhuku a m'dzikomo akuyamwabe ngakhale anamera ndevu kalekale.

Wolipira ndi mayi wa ku Soweto, ndi Mmalawi wosamalira maluwa pakhomo pa bwana ku Joni, amene ndiwo yake ya pamwezi ndi jumbo ya nkhuku zoduladula. Boma likudziwa zimenezi. Mu August 2022 nduna ya zamalonda, a Ebrahim Patel, anachedwetsa kwa chaka chathunthu kuyamba kwa msonkho wa Brazil ndi mayiko anayi aja poona kuti mitengo ya zakudya yakwera kale. Pamenepo ndunayo inavomera yokha kuti msonkhowu umathera m'mbale ya wosauka.

Chochititsa manyazi kwambiri chinachitika mu 2015. Dziko la America linaopseza kuti lichotsa zokolola za South Africa pa mwayi wa AGOA, umene pa nthawiyo unkalowetsa katundu wa mu Africa kumeneko popanda msonkho. Akuluakulu a ku Pretoria anagwada, n'kulola matani 65,000 a nkhuku za ku America kulowa chaka chilichonse popanda msonkho wapadera uja. Nkhuku zomwe dzulo ankati zikupha ntchito zinasanduka zabwinobwino chifukwa mwini wake anagwira chibonga. Nanga lamulo lopindika chonchi mphamvu zake zili pati?

Chimene chikudulitsa nkhuku ya m'dzikomo chili pakhomo pomwepo: chimanga ndi soya wodyetsera, magetsi a Eskom amene anathimathima kwa zaka, ndi makhonsolo olephera ntchito. Ku Standerton, kampani ya Astral Foods inavutika ndi madzi ndi magetsi mpaka inakasuma, ndipo mu 2021 khoti linalamula boma kuti lilowererepo pa khonsolo ya kumeneko ya Lekwa. Pamlanduwo panalibe ntchafu ya ku Brazil ngakhale imodzi.