Sitolo Yopanda Chitseko

Pali chiphunzitso china chimene chafala pakati pa achinyamata ochita malonda pa intaneti, ndipo chiyenera kutsutsidwa chisanazike mizu. Chiphunzitsocho chimati wamalonda weniweni sagona, sazimitsa foni, ndiponso sakana wogula ngakhale atamudzutsa pakati pa usiku. Ochifalitsa amachitcha khama. Koma kunena mosapsatira, umenewu ndi ukapolo wodzifunira, pakuti munthu amasema yekha goli, nadziveka m'khosi, kenaka n'kumanyadira kulemera kwake.

Palibe angakane kuti malonda a pa intaneti atsegula makomo amene kale anali otseka. Facebook inayamba mu 2004, ndipo WhatsApp inabwera mu 2009. M'Malawi njira zotumizirana ndalama pa foni zinafika pamene Airtel Money inayamba mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013. Chifukwa cha zimenezi, mtsikana wa ku Ndirande akhoza kujambula zitenje zake, wogula wa ku Mzuzu naziona, nalipira, katunduyo n'kukwezedwa basi tsiku lomwelo. Mnyamata wa ku Karonga akhoza kupeza ogula mpunga wa Kilombero ku Lilongwe popanda kulipira lendi ya sitolo. Umenewu ndi mwayi waukulu. Vuto lake n'lakuti golosale ili ndi chitseko, msika uli ndi nthawi yoweruka, pamene sitolo ya m'foni ilibe zonsezi. Imalowa ndi mwini wake kuchipinda, kumaliro ngakhale m'tchalitchi.

Thupi la munthu lili ndi malire ake, ndipo dziko linazindikira zimenezi kalekale. Pangano loyamba la bungwe loona za apantchito pa dziko lonse la ILO, limene linachitika mu 1919, linakhazikitsa maola 8 pa tsiku ndi 48 pa sabata m'mafakitale. Lamulo la za ntchito la m'Malawi la mu 2000 linaikanso malire a maola 48 pa sabata. Mu 2021 bungwe la ILO pamodzi ndi bungwe loona za umoyo la WHO analengeza kuti m'chaka cha 2016 anthu okwana 745,000 anamwalira ndi matenda a mtima komanso opha ziwalo chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata. Tsono wamalonda amene amayankha mauthenga kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 11 koloko usiku, masiku onse asanu ndi awiri, amakhala ali pantchito maola 119. Bwana atati achite zotere kwa wantchito wake, anthu onse akhoza kumudzudzula. Nanga nkhanzayo imasanduka bwanji nzeru pamene bwana ndi wantchito ali munthu mmodzi?

Otsutsa mfundoyi ali ndi yankho lomveka, ndipo si bwino kulinyalanyaza. Iwo amati kupuma ndi kwa okhuta. Amakumbutsa kuti ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 aliwonse mu Meyi 2022, ndiponso ndi magawo 44 mu Novembala 2023, kotero kuti mpamba wa ogulitsa katundu wopikula kunja unasungunuka ngati mchere m'madzi. Amatinso wogula wa pa intaneti sadikira: akapanda kuyankhidwa msanga, amapita kwa wina. Zonsezi n'zoona, koma mankhwala amene akuperekawo si a nthendayo. Kugwa kwa kwacha sikuchizika ndi kusagona. Kumachizika ndi kaundula wolembedwa bwino, momwe wamalonda amawerengera mtengo wopikulira, ndalama ya bandulo, yokwezera katundu, yodulidwa potapa ndalama kwa ejenti, ndi malipiro a thukuta lake. Amene sawerengera zimenezi akhoza kugulitsa usana ndi usiku pamene akudya mpamba wake osadziwa.

Kuwonjezera apo, kuchuluka kwa mauthenga si kuchuluka kwa malonda. Ambiri olemba usiku amangofunsa mtengo, kenaka zii. Wofunadi katundu amabweranso kukacha, monga momwe amadikirira banki kuti itsegule. Koma wamalonda wotopa ndiye amalakwitsa zinthu zodula. Amatumiza ndalama ku nambala yolakwika, amakweza katundu wa ku Zomba pa basi ya ku Kasungu, ndiponso amakhulupirira uthenga wabodza wonena kuti ndalama zalowa asanayang'ane zimene zili mu akaunti yake. Mbava za pa foni zimadalira munthu wopupuluma. Akuluakulu sananame pamene anati kuthamanga sikufika.

Mbali ina ya chiphunzitso cholakwikachi imati bizinesi imene sikukula ndi yakufa. Potsatira mawu amenewa, wogulitsa zitenje amayambanso nsapato, mawa mafuta odzola, mkuja makeke. Mpamba ukachepa, amathamangira katapila. Amalandira ndalama za anthu makumi awiri pamene manja ake angathe kusoka malaya khumi okha. Tsiku lolonjezedwa likafika, amazimitsa foni ija ankati sizimitsidwa, ndipo mbiri imene anaimanga kwa zaka imagwa tsiku limodzi, pakuti dandaulo la pa intaneti limayenda kuposa moto wolusa. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Katswiri wa za chuma E. F. Schumacher, m'buku lake la mu 1973 lotchedwa Small Is Beautiful, anatsutsa maganizo akuti chachikulu chilichonse n'chabwino, naphunzitsa kuti ntchito iyenera kulingana ndi msinkhu wa munthu woigwira. Telala amene amasoka malaya khumi okongola, nawapereka pa tsiku lake, ali ndi bizinesi yamoyo kuposa mnzake wa malonjezo makumi awiri.

Ndiponso wamalonda wa pa intaneti asadzinamize kuti ali pamunda wake. Munda umene akulimawo ndi wobwereka. Pa 4 Okutobala 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinasiya kugwira ntchito kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi pa dziko lonse, ndipo amene analibe njira ina yofikira ogula awo anangogwira njakata. Mu Epulo 2022, kampani ya ku America yotchedwa Etsy, kumene amisiri a ntchito zamanja amagulitsirako katundu wawo, inakweza gawo limene imadula pa malonda kuchoka pa 5 kufika pa 6.5 pa 100 aliwonse. Ogulitsa zikwizikwi anatseka masitolo awo kwa sabata pokwiya, koma mtengowo sunatsike. Makampani onga Facebook amapeza phindu lawo pa zotsatsa malonda, choncho amakondwa munthu akamakhalitsa maso ali pafoni. Wamalonda amene amathera tsiku akuwerenga anthu okonda zithunzi zake akulimira mwini munda. Chuma chake chenicheni ndi ogula amene amamukhulupirira, amene mayina ndi zofuna zawo zalembedwa m'kope lake.

Tsono kugwira ntchito mwamaganizo okhazikika n'kutani? Ndi kuikira sitolo ija chitseko. Wamalonda wanzeru amalengeza nthawi yotsegulira ndi yotsekera, naisunga. WhatsApp Business, imene inatuluka mu 2018, ili ndi njira yoyankhira yokha pamene mwini wake waweruka. Iye amasiyanitsa nambala ya malonda ndi ya pabanja, ndalama ya bizinesi ndi ya ndiwo. Amapatula tsiku limodzi pa sabata lopuma. Akamasoka, amasoka; akamayankha ogula, amayankha ogula; sagwira ziwiri nthawi imodzi, podziwa kuti mapanga awiri avumbwitsa. Koposa zonse, amaphunzira kunena kuti ayi pamene ntchito yaposa mphamvu zake. Umenewu si ulesi. Ngakhale mlimi wakhama amatula khasu dzuwa likafika paliwombo, ndipo palibe amamutcha mlesi, pakuti nkhokwe yake ndiyo imamuchitira umboni.

Achinyamata ambiri amene akumaliza sukulu sadzapeza ntchito yolembedwa, ndipo foni idzakhala sitolo yawo yoyamba. Iwo ayenera kukumbukira chimene munthu amayambira bizinesi yakeyake. Amaiyamba kuti adziimire payekha, adyetse banja lake, ndiponso akhale ndi ulamuliro pa nthawi yake. Ngati pomaliza sadya ndi abale ake, sagona tulo, ndipo mtima umagunda foni ikangolira, ndiye kuti wathawa bwana mmodzi n'kudzipezera mabwana mazanamazana. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mtolowo umafika kumudzi pokhapokha wousenza akhale ali moyo.