Tisagwetse webusaiti yakale tisanasiye chikwangwani

Anzathu a geni ndi madalaivala, ambirife tili ndi mawebusaiti tsopano: onyamula katundu, okiliyalitsa pa boda, ooda masipeya ku Joni. Ndiye akubwera anyamata a makompyuta kutiuza kuti WordPress ndi yachikale, tisamukire ku Next.js kuti tsamba lizitseguka msanga. Sitikukana. Kasitomala ali pamzere pa Mwanza kapena Beitbridge, netiweki ikuvuta, sangadikire tsamba lolemera.

Koma ife tikuti kukongola kwa webusaiti sikubweretsa lodi. Chobweretsa lodi n'chakuti munthu akafufuza pa Google galimoto yochoka ku Johannesburg kupita ku Blantyre, apeze ife pamwamba. Malo amenewo tawapeza pang'onopang'ono, kwa zaka, ndipo atha kutipulumuka m'masabata ochepa.

Google imadziwa tsamba lililonse ndi adiresi yake. Adiresiyo ikasintha mwakachetechete, wodina amangopeza uthenga wa 404, woti tsambalo kulibe, kenako Google imalichotsa pamndandanda. Zili ngati kusamutsa benchi mumsika wa Limbe osauza ngakhale woyandikana naye. Kasitomala afika, aona palibe, agula kwa wina. Tisaiwalenso ma link amene tinamwaza m'magulu a WhatsApp: onsewo amafa.

Safunsa anadya phula. Tisanapereke dipoziti, tigwirizane izi ndi wopanga webusaitiyo.

Alembe maadiresi onse akale. Amene angathe kukhala momwemo, asawasinthe. Osinthawo awaikire 301 redirect, chikwangwani chotengera munthu ndi Google ku adiresi yatsopano. Tsamba la mitengo lilozere ku tsamba la mitengo, osati onse kungowathira patsamba loyamba. Google yomwe imalangiza kuti zikwangwanizi zikhalepo kosachepera chaka chimodzi.

Asadule mawu pofuna kukongoletsa. Mayina a njira ndi maboda, monga Nyamapanda, Zobue, Dedza ndi Songwe, ndiwo amene anthu amalemba pofufuza. Akawasandutsa zithunzi, tabisala tokha.

Popanga webusaiti yatsopano, ambiri amaika lamulo la noindex loti Google isaione kaye. Tsiku lotsegula alichotse, ndipo atumize sitemap yatsopano ku Search Console, yomwe ndi yaulere.

Dzina la webusaiti, Search Console ndi mapasiwedi zikhale m'manja mwathu. Kodi alipo amene amalembetsa bluu buku ya thiraki yake m'dzina la makaniko?

Tisasamukenso mu Novembala kapena Disembala, maoda a Khirisimasi ali pachimake. Ngakhale zonse zitachitika bwino, malo athu pa Google amatha kugwedezeka kwa masabata angapo.

Ndalama yomaliza tipereke titatenga foni yathu, n'kudina ma link akale amodziamodzi, onse n'kutifikitsa pamalo pake. Amene munasamutsapo kale, tiuzeni m'munsimu mmene zinayendera.