Chingwe cha Nyali Chithirire Dimba

Akhristu anzathu, ife a kuno ku Feira timakhala pakati pa mitsinje iwiri, Luangwa ndi Zambezi, koma ndiwo zamasamba zimatisowa. Dzuwa la Okutobala limamwa madzi a m'dimba munthu asanatule ndowa, ndipo ulendo uliwonse wa kudooko ndi ulendo wokakumana ndi ng'ona. Chilala cha 1992 ndi cha 2024 chinatiphunzitsa kuti dontho lililonse n'chuma.

Tonse tikuidziwa nyali ya koloboyi. Chingwe chake chimakoka parafini pang'onopang'ono, molingana ndi mmene moto ukudyera. Madzinso amakwera chimodzimodzi. Kwirirani chigubu cha madzi pambali pa repu kapena matimati, nsonga imodzi ya chingwe ikhale pansi m'chigubumo, inayo igone pamizu. Nthaka ikauma imakoka madzi, ikanyowa imaleka. Ngakhale a m'tauni opanda malo angathe kubzala m'thumba la dothi pakhonde.

Nkhani yagona pa chingwecho. Nsanza ya chitenje cha thonje imakoka madzi msanga, komatu imawola m'nthaka, ndipo tsiku lina mudzapeza mbewu zafota chigubu chili chodzaza. Chingwe cholukidwa cha nayiloni kapena nsanza ya bulangeti la poliyesita siziwola, zimagwira ntchito nyengo zingapo. Chingwe chatsopano muyambe mwachichapa ndi sopo kuti mafuta a kufakitale achoke. Ulusi wa matumba a feteleza musavutike nawo, sumwa madzi.

Musakhulupirire maso okha. Viikani nsonga ya chingwe m'kapu ya madzi, inayo muipachike m'mwamba, kenaka pakapita ola limodzi mukhudze kuti muone pomwe chinyezi chafika. Chimene chakweza madzi kwambiri ndicho chanu. Kumbukiraninso kuti madzi sakwera patali. Pamwamba pa madzi a m'chigubu pasatalikirane ndi mizu kupitirira masentimita 20. Madzi amatope amatseka chingwe, choncho muziyamba mwawasefa. Chigubu chizikhala chovindikira, chifukwa sitifuna kukolola malungo pamodzi ndi ndiwo. Pamwamba pa dothi yalani udzu wouma.

M'fanizo la anamwali khumi, pa Mateyo 25, onse anali nazo nyali, koma asanu okha ndiwo anasamala za mafuta. Ifenso chingwe sichitichotsera udindo woyang'ana m'chigubu. Papa Fransisko m'kalata yake ya Laudato Si' ya 2015 anatikumbutsa kuti madzi ndi mphatso ya anthu onse, yosayenera kuisakaza.

Tikupempha Miphakati yathu, kuyambira ku Boma mpaka ku Katondwe, kuti mwezi uno uliwonse uyese zingwe zitatu zosiyana, ndipo dimba loyamba likhale pakhomo pa nkhalamba kapena wodwala amene sangathenso kusenza ndowa.