Koleji ya zaumisiri si kopepesera olephera

Zotsatira za MSCE zikatuluka, funso limakhala limodzi: wapeza mapointi angati, nanga akutenga ku yunivesite iti? Koma mayunivesite aboma tili nawo 6 okha: UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST, ndipo malo ake sakwanira onse amene akhoza. Otsalawo timangowauza kuti, "Basi, kayeseni zamanja," ngati tikupepesa maliro. Ine monga mphunzitsi wa fizikisi mawu amenewa ndimawakana. Ntchito zambiri zimene zikusowa anthu m'dera lanu lomwelo zimaphunziridwa ku makoleji a zaumisiri, ndipo zimafuna mutu wogwira masamu ndi sayansi.

Tiyeni titenge chitsanzo cha sola. Banja lina likufuna kuyatsa mababu 4 a 5 W kwa maola 5, TV ya 40 W kwa maola 4, ndi kutchaja mafoni, tinene kuti 20 Wh. Mababu adya 100 Wh, TV idya 160 Wh, zonse pamodzi 280 Wh patsiku. Batire ndi ya 12 V, ndiye 280 kugawa ndi 12 ikutipatsa pafupifupi 23 Ah. Koma batire ya asidi ukamayikhetsa kupitirira theka imafa msanga, choncho pafunika ya 50 Ah. Nanga panelo? Dzuwa lamphamvu tiliwerengere maola 5 patsiku: 280 kugawa ndi 5 ndi 56 W. Mphamvu ina imatayika m'mawaya ndi potchaja, ndiye mmisiri wanzeru agula ya 80 W.

Sizinathe. Mukukumbukira P = IV? Chipangizo cha 60 W pa magetsi a ESCOM a 230 V chimakoka karenti yosafika ngakhale theka la ampeya imodzi. Chomwecho pa 12 V chimakoka 5 A. Karenti ikachuluka, waya wowonda amatentha, chifukwa kutenthako kumakula ndi I²R. Wongolumikiza mwachisawawa amagula waya wotchipa, batire n'kufa m'miyezi yochepa, penanso nyumba n'kupsa. Amene anaphunzira amayamba ndi cholembera asanagwire pulayasi. Zimene mukulemba m'kope la Fomu 3 zija, kwa iye ndi ndalama.

Ntchito zoterezi zilipo ndithu. Magetsi athu ambiri amachokera mu mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi 130 MW, ndipo mdima umene unatsatira mukuukumbukira. N'chifukwa chake tikuyang'ananso kudzuwa: ku Salima kuli malo opangira magetsi a sola a 60 MW, ku Golomoti m'boma la Dedza kuli a 20 MW. Injiniya amajambula pulani, inde, koma womanga zitsulo, wolumikiza mawaya ndi wokonza inveta ikavuta ndi mmisiri. Onjezerani mapampu a sola m'minda yamthirira, mafiriji osungira katemera m'zipatala, zigayo, mijigo, ndi njinga zamoto za kabaza zimene zadzaza m'matauni. Chilichonse mwa izi chimawonongeka, ndipo chikawonongeka mwini wake safunsa mapointi ako, amafunsa ngati ungachikonze.

Kophunzirira kulipo. Makoleji akuluakulu a zaumisiri ndi monga Lilongwe, Soche, Nasawa, Salima, Namitete, Mzuzu ndi Livingstonia. Kuyambira mu 2015 boma linayambanso kutsegula makoleji a m'madera, kuti luso lifike m'maboma. Bungwe loyang'anira maphunzirowa ndi TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1999. Kumeneko kuli zamagetsi, kuwotcherera, upulambala, umakaniko, ukalipentala, zomangamanga, kusoka ndi zina. Ubwino wake ndi kapangidwe ka maphunziro: umakhala m'kalasi, umalowa mu wekishopu, kenako umapita ku atachimenti kukagwira ntchito yeniyeni pansi pa amisiri okhwima. Olemba ntchito amakuona m'manja usanamalize, ndipo iwenso umadziwa kale mmene kasitomala amakwiyira ntchito ikachedwa.

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, koma amisiri ena angokhala pakhomo ndi mapepala awo." Zoona. Zipangizo zoyambira ntchito n'zodula, makina owotcherera sayenda magetsi akazima, ndipo m'mawekishopu ena zida n'zochepa poyerekeza ndi ophunzira. Boma ndi makampani ayenera kuikapo ndalama zokwanira. Komabe kusowa ntchito kukugwiranso a madigiri. Kusiyana kwake n'kwakuti mmisiri angathe kuyamba ndi kabokosi ka zida ndi makasitomala atatu pamsika, osadikira kalata yoitanidwa ku intavyu. Ndiponso njira siitsekeka: ungathe kugwira ntchito, kusunga ndalama, n'kudzapitiriza dipuloma kapena digiri.

Atsikana, nkhaniyi ndi yanunso. Karenti siidziwa kuti wagwira waya ndi mwamuna kapena mkazi. Ngati mumathetsa masamu a Ohm m'kalasi, mungathenso kuika magetsi m'nyumba.

Sindikunena kuti musiye kulimbikira za yunivesite ayi. Amene mtima wake uli pa udokotala kapena uinjiniya, alimbike. Chimene ndikupempha n'chakuti koleji ya zaumisiri muiike pa mndandanda wanu kuyambira pano, osati kuikumbukira misozi ili m'maso. Musataye masamu, fizikisi ndi Chingelezi, chifukwa mabuku a zipangizo ndi makalata a mitengo amafuna zimenezo. Pa holide pitani kwa wowotcherera kapena wokonza mafiriji kwanuko, mupemphe kuonerera, mumufunse ntchito imene imam'pezetsa ndalama zambiri ndi imene amaibweza chifukwa palibe woidziwa. Paja safunsa anadya phula. Tsatirani zilengezo za TEVETA m'nyuzipepala ndi pa intaneti kuti mudziwe zofunika polembetsa. Ndipo lero madzulo, werengani mawati a zipangizo za kwanu, muone panelo ndi batire zimene nyumba yanu ingafune. Mukapeza yankho, mubwere nalo m'kalasi tidzalione limodzi.