Musanati wataya mayi ake, kagoneniko kaye usiku umodzi

Pali mawu amene ndatopa nawo, ndipo lero ndiwalankhulapo ngakhale ndikudziwa kuti ena mwa inu mundikwiyira. Mawuwo ndi akuti "wataya mayi ake". Timathamangira kuwanena tikangomva kuti wina wapititsa kholo lake ku nyumba yosungirako okalamba. Sitifunsa kuti khololo likudwala chiyani, sitifunsanso kuti wakhala akulisambitsa ndani zaka zonsezi. Timangotola mwambi uja wakuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, n'kuuponya, basi mlandu tagamula.

Chandiputa ndi zimene zinachitika mwezi wathawu pa gulu la WhatsApp la ana amene ndinawaphunzitsa. Mnzanu wina, amene wakhala ku Johannesburg zaka zoposa khumi ndipo anatenga mayi ake kukakhala nawo, analemba kuti mayiwo ali ndi dementia, atuluka kale kawiri usiku osadziwa kumene akupita, ndipo ulendo wachiwiri anapezeka kutali m'mamawa, kuzizira kwa mu Julaye, atavala chogonera chokha. Anafunsa kuti kodi posankha malo owasungirako ayang'ane chiyani. Dzina sinditchula, amene muli pagulupo mukumudziwa. Anapempha nzeru, inu munamupatsa ulaliki. Wina mpaka analemba kuti chizungu chamulowa. Ndinawerenga mauthenga onse ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anayankha funso limene linafunsidwa. Mukanakhala m'kalasi mwanga ndikanakulemberani ndi cholembera chofiira kuti werenganinso funso.

Tiyeni tibwerere m'kalasimo pang'ono. Dementia si ukalamba chabe, ndipo si misala monga timaitchulira pamsewu. Ndi matenda a ubongo. Mtundu wake wofala kwambiri ndi wa Alzheimer, umene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anaufotokoza mu 1906 atapima ubongo wa mayi wina amene anali wodwala wake. Bungwe la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko ali ndi dementia, oposa theka ali m'mayiko osauka ndi apakati ngati athu ano, ndipo pa odwala khumi alionse, asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awiri ndi a Alzheimer. Mtundu wina umabwera chifukwa cha mitsempha ya magazi ya mu ubongo, makamaka kwa amene akhala ndi BP yosasamalidwa kapena anagwidwapo sitiroko, ndipo a BP tili nawo ochuluka m'mabanja mwathu. Poyamba munthu amaiwala kumene waika makiyi, kenako amaiwala kuti wadya kale, kenako amaiwala dzina la mwana wake. Amatha kunena kuti mwamubera ndalama pamene wazibisa yekha pansi pa mphasa. Dzuwa likamapendeka ambiri amasokonezeka kwambiri, amayamba kumanga katundu kuti akupita kwawo, pomwe ali m'nyumba imene anamanga okha. Mapeto ake amalephera kudziletsa pokodza, kuvala, ngakhale kumeza. Mankhwala ngati donepezil amathandizako ena kwa kanthawi, koma matendawa sabwerera m'mbuyo.

Ndiye mukamati "angowabweza kumudzi, kuli anthu", ndikufunsani: anthu ake ati? Tchulani dzina. Inu nomwe muli ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Leeds, ku Cape Town. Amalume ali ku dimba, azakhali nawonso ndi okalamba. Ife aphunzitsi tikudziwa bwino kuti munthu wa kumudziyo ndi ndani, chifukwa dzina lake lili mu kaundula wathu. Ndi mtsikana wa Fomu 2 amene wayamba kujomba Lolemba lililonse, amene amasinza pa piriyodi yoyamba, amene malikisi ake atsika popanda chifukwa chooneka. Ukamufunsa modekha amakuuza kuti amagona pakhomo la chipinda cha agogo kuti asatuluke, ndipo m'mawa asanabwere kusukulu amachapa zofunda. Pa zaka zimene ndagwira choko ndaona atsikana otere angapo, ndipo si onse anafika pa MSCE. Palibe amene analemba pa gulu lililonse kuti banja lataya mwana. Chimene timachitcha chikhalidwe chosamalira makolo nthawi zambiri chimakhala mtsikana mmodzi kapena mpongozi mmodzi amene sanafunsidwe n'komwe, ena tonse tikutumiza K20,000 pa foni n'kumagona tulo tabwino.

Ndipo kumudzi kumene tikukutamako, tinene zoona, kodi nkhalamba yosokonezeka imalandiridwa bwanji? Gogo akapezeka m'mamawa ali wosavala pafupi ndi manda, osatha kufotokoza kumene achokera, alipo amene amati ndi dementia? Timati agwa m'ndege ya ufiti. Akafunsidwa mwaukali kuti kodi ndinu mfiti, amavomera, chifukwa ubongo wodwala umavomera chilichonse kuti phokoso lithe. Mu Januwale 2016 ku Neno, kwa T/A Dambe, okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo momwe atawanena kuti ndi amene anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Ngati munthu amaphedwa chonchi chifukwa cha imvi zake, nanga amene pakamwa pake sipangathenso kumuteteza? Lamulo la 1911 limati kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Zonsezo n'zabwino, koma pepala silitseka chitseko usiku.

Musandimve molakwa kuti ndikutamanda nyumba zosungirako okalamba. Zina ndi manda a anthu amoyo. Inu a ku South Africa mukukumbukira nkhani ya Life Esidimeni. Mu 2016 boma la chigawo cha Gauteng, pofuna kuchepetsa ndalama, linasamutsa odwala matenda a maganizo kuchoka kumene ankasamalidwa n'kuwapititsa ku timabungwe tambiri topanda ziphaso zoyenera ndiponso topanda antchito odziwa ntchito. Anthu 144 anamwalira, ena ndi njala, ena ndi ludzu ndi kuzizira, ndipo achibale ena sanauzidwe n'komwe kumene abale awo apititsidwa. Nkhaniyo inakafika pamaso pa Justice Dikgang Moseneke, amene mu 2018 analamula kuti mabanja alipidwe. Zimenezi zinachitika m'chigawo chomwecho chimene mnzanuyu akukhala. Ndiye chifukwa chake funso lake linali lofunika yankho lenileni. Munthu amene tamuchititsa manyazi amasankha mobisa ndiponso mothamanga, amangotenga malo oyamba otsika mtengo amene wawapeza kuti anthu asadziwe. Manyazi amene timapatsana ndi amene amaika makolo athu m'malo oipa.

Popeza inu simunayankhe, ndiyankhe ine monga ndikudziwira.

Asanaganize za malo alionse, mayiwo aonedwe kaye ndi dokotala, chifukwa si kusokonezeka konse kumene kuli dementia. Wokalamba amene wasokonezeka mwadzidzidzi, m'masiku ochepa, kawirikawiri amakhala ndi matenda a m'chikhodzodzo, chibayo, shuga wosokonekera kapena mankhwala amene sakumuyanja. Kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro ndi kuvutika maganizo zimathanso kuoneka ngati dementia, ndipo zonsezi zimachizika. N'zomvetsa chisoni kusamutsa munthu m'nyumba mwake chifukwa cha chinthu chimene mapiritsi a sabata imodzi akanatha nacho.

Zikatsimikizika, afunse chiphaso, ndipo achione ndi maso ake. Ku South Africa lamulo la okalamba la 2006 limafuna kuti nyumba zotere zilembetsedwe ku dipatimenti ya Social Development. Ku England kuli Care Quality Commission imene imayendera nyumbazi n'kulemba malipoti amene aliyense angathe kuwerenga pa intaneti, ndipo ambiri a inu amene mumagwira ntchito m'nyumba zomwezo mumadziwa zimenezi kuposa ine, n'chifukwa chake kukhala chete kwanu kunandidabwitsa. Mwini malo akayamba kuzungulira pa nkhani ya chiphaso, palibenso chifukwa choonera zipinda.

Koma chiphaso ndi chiyambi chabe. Sukulu nayonso imakhala ndi chiphaso, koma tonse timadziwa mmene timasesera ndi kupachika matchati tikamva kuti oyendera sukulu akubwera. Malo otere musapiteko pa tsiku limene akuuzani. Pitani osalengeza, cha m'ma 5 koloko madzulo, nthawi imene odwala dementia amavuta kwambiri ndipo antchito atopa. Mphuno yanu ikuuzani zambiri musanakhale pansi. Muone ngati okalambawo ali maso, akuyendayenda, akukangana nkhani zawo, kapena onse angoti ndwii pa mipando, malovu akutuluka. Bata lochuluka m'nyumba ya odwala dementia lisakusangalatseni. Nthawi zina limatanthauza kuti akuwapatsa mankhwala owafooketsa kuti ntchito ichepe, ndipo bungwe loona za mankhwala la ku America, FDA, linachenjeza mu 2005 kuti mankhwala a mtundu wa risperidone amaonjezera chiopsezo cha imfa kwa okalamba a dementia, kenako mu 2008 linaonjezerapo akale ngati haloperidol. Ali ndi malo ake akalembedwa ndi dokotala pa vuto lenileni, koma si olowa m'malo mwa wantchito. Funsani kuti usiku pamakhala antchito angati pa okalamba angati, ndipo funsani wantchito amene akukolopa, osati mabwana. Funsani kuti munthu akafuna kutuluka amatani naye: amamumangirira pa bedi, amamukhomera m'chipinda, kapena pali bwalo lotchingidwa limene angayendemo mpaka atatopa? Wogona nthawi yaitali amatembenuzidwa kangati kuti asatuluke zilonda pamsana? Akagwa usiku amakuimbirani nthawi yomweyo kapena mudzangoona bandeji Lamlungu? Ndipo malo amene amaika malire okhwima pa nthawi yoona odwala, kapena amene safuna kuti muone khungu la mayi anu posamba, ali ndi chimene akubisa.

Pali china chimene anzathu a kunja samachiganizira kawirikawiri koma kwa ife n'chachikulu. Dementia imadya zimene munthu anaphunzira mochedwa n'kusiya za ubwana. Mayi amene ankalankhula Chingerezi chabwino, mwina anali mphunzitsi ngati ife, angathe kufika poti chatsala ndi Chichewa chokha, kapena Chitumbuka, kapena Chiyao cha kwawo. Akati "ndili ndi ludzu" kapena "m'mimba mukupweteka" m'nyumba imene palibe akumva, amalembedwa kuti ndi wovuta, ndipo wovuta ndi amene amapatsidwa mankhwala aja. Ku Johannesburg Amalawi alipo ambiri, ndipo si zosatheka kupeza malo amene pali wantchito mmodzi womva chilankhulo chathu, kapena kugwirizana ndi amayi a mpingo kuti azikacheza nawo mosinthana. Chimodzimodzi chakudya. Munthu amene wadya nsima zaka 70 akakana zimene zili m'mbale sindiye kuti alibe njala. Nyimbo za kwaya zimene ankaimba ali mtsikana zimakhalabe m'mutu ngakhale mayina a ana atachoka, ndipo malo abwino amafunsa zinthu zotere tsiku loyamba. Ngati sakufunsani kuti mayi anu anali ndani asanadwale, dziwani kuti kwa iwo ndi nambala ya bedi. Ndipo pakati pa malo okongola akutali ndi malo wamba apafupi amene mungafikeko katatu pa sabata, ine ndingasankhe apafupi, chifukwa wokalamba amene abale ake amangotulukira nthawi iliyonse amasamalidwa mosiyana ndi amene amayenderedwa pa Khirisimasi pokha.

Pamenepo ndiye pali kutaya kwenikweni, ndipo sindiwaikira kumbuyo amene amachita zimenezo. Alipo amene amalipira mwezi ndi mwezi n'kuzimiririka, n'kumati "sakundizindikiranso, ndikapitirenji". Dzina lanu angaiwale, koma dzanja lowagwira mwachikondi amalimva, ndipo mantha amawamva. Kutaya kotero kumachitikanso popanda nyumba yosungirako okalamba. Gogo wotsekeredwa m'kanyumba ka kuseri ndi loko, mbale ikulowetsedwa pansi pa chitseko, watayidwa ngakhale ali pa bwalo la mwana wake.

Kuno kwathu nyumba zotere n'zochepa kwambiri, ndipo ambiri a ife chimene tingakwanitse ndi kulemba ntchito munthu wothandiza pakhomo. Mafunso ndi omwewo. Kodi akudziwa kuti agogo akamunena kuti waba si chipongwe koma matenda? Kodi amapuma tsiku liti, ndipo tsiku limenelo amalowa m'malo mwake ndani? Mwana wa mchimwene wanu wotengedwa kumudzi ndi lonjezo la sukulu imene sadzapitako si yankho. Chipatala cha ku Zomba ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi zokapimitsako ndi kulandirako thandizo ndi malangizo, osati zokasiyako munthu kuti banja lipume. Ngati ana alipo asanu, akhale pansi, alembe pa pepala kuti ndalama apereka ndani, Loweruka agona ndani, kuchipatala aperekeza ndani, ndipo amene ali kutali alipire zochuluka m'malo molamula zochuluka.

Kwa anzanga aphunzitsi, teremu ino tsegulani kaundula muone mtsikana amene wayamba kujomba kapena kusinza. Musanamupatse chibalo chotchetcha udzu, mufunseni kuti kwawo kuli wodwala ndani ndipo usiku amagona maola angati. Mukapeza kuti ndi nkhani ya agogo, itanani makolo, ndipo amalume a m'tauni aja muwaimbire foni inu nomwe kuchokera mu ofesi ya ahedi.