Mwana Afike mu Kalasi 6

Ana a kalasi 1 amakonda kusuzumira pa zenera la kalasi 6. Amafuna kuona zimene acimwene ndi acemwali awo amacita m'menemo. Amaona mapu pa khoma. Amaona zitini zili ndandanda. Amaona manambala ambiri pa bolodi. Akafika kunyumba amafunsa kuti: "Amayi, kodi ine ndidzalowa liti mu kalasi ya acemwali?"

Yankho la funso limeneli lili m'manja mwa makolo. Ana ambiri amayamba kalasi 1, koma si onse amene amafika kalasi 6. Ena amalekera panjira. Makolo ena amanena kuti: "Mwana wadziwa kulemba dzina lake. Wadziwa kuwerenga ndalama. Basi, zakwana. Tsopano apite kumunda, akawete ng'ombe." Maganizo amenewa ndi olakwika. Kulemba dzina ndi ciyambi cabe. Zambiri zimene mwana adzagwiritsa nchito pa moyo wake amaziphunzira mu kalasi 4, 5 ndi 6. Tsiku limodzi la mu kalasi 6 limaonetsa zimenezi bwino.

Ana amafika kusukulu nthawi isanakwane. Ena amasesa pabwalo. Ena amapukuta bolodi. Belu likalira amaima pamzere ndi kuimba nyimbo ya fuko. Kenaka amalowa mu kalasi. Aphunzitsi amaitana maina, ndipo aliyense amayankha.

Phunziro loyamba ndi Masamu. Lero ana sakhala pansi nthawi yaitali. Aphunzitsi amawapatsa cingwe ca mamita 10, ndipo onse amapita kukayeza munda wa sukulu. M'litali apeza mamita 40. M'lifupi apeza mamita 25. Akaculukitsa 40 ndi 25 apeza 1000. Hekitala imodzi ili ndi mamita 100 m'litali ndi mamita 100 m'lifupi, ndiye kuti 10 000. Conco munda wa sukulu ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a hekitala. Mwana wodziwa zimenezi akhoza kuuza bambo wake kukula kwa munda wa banja. Munthu akadziwa kukula kwa munda, amadziwanso mbewu ndi feteleza zimene zikufunika.

Atabwerera mu kalasi, aphunzitsi amalemba funso pa bolodi. Thumba la cimanga likulemera makilo 50. Kilo imodzi mtengo wake ndi mametikali 20. Wogula wapereka mametikali 800. Kodi ndalama zakwana? Ana amalemba m'makope awo. Mtsikana wina amaimika dzanja. Amati thumbalo ndi mametikali 1000, ndipo mametikali 200 asowa. Banja limene lili ndi mwana wotere silipusitsidwa pamsika.

Phunziro laciwiri ndi Sayansi. Apa ndi pamene zitini zija zimagwira nchito. Masabata awiri apitawo ana anabzala nyemba m'zitini zitatu. Citini coyamba anaciika pa zenera ndipo anacithirira tsiku ndi tsiku. Caciwiri anaciikanso pa zenera, koma sanacithirire. Cacitatu anacithirira, koma anacibisa m'bokosi mopanda kuwala. Lero akuona zotsatira zake. Nyemba yoyamba yamera, masamba ake ndi obiriwira. Yaciwiri sinamere. Yacitatu yamera, koma ndi yaitali, yoonda ndi yotuwa. Ana amayeza mbewuzo ndi rula, amajambula, ndipo amalemba zimene aona. Aona ndi maso awo kuti mbewu imafuna madzi ndi dzuwa.

Tsiku lina amaphunzira za udzudzu. Amadziwa kuti udzudzu ndiwo umafalitsa malungo, ndipo umaswana m'madzi osayenda. Amaphunziranso kuti madzi akumwa ayenera kuwiritsidwa, makamaka pa nthawi ya kolera. Nzeru zimenezi mwana amapita nazo kunyumba, ndipo zimateteza mng'ono wake wakhanda.

Akapuma pang'ono, amalowa phunziro la Cipwitikizi. Amawerenga nkhani mokweza, mmodzimmodzi. Amayankha mafunso. Amaphunzira kulemba kalata: tsiku pamwamba, moni, mau, ndi dzina pansi. Cipwitikizi ndi cilankhulo ca boma m'dziko la Mozambiki. Mapepala a kucipatala, a kubanki ndi a ku ofesi amalembedwa m'cilankhulo cimeneci. Mwana wa kalasi 2 amachula mau ocepa cabe. Mwana wa kalasi 6 akhoza kuwerengera agogo ake pepala la mankhwala ndi kuwauza nthawi yomwera.

Nanga Cinyanja cimathera kuti? Sicitha ai. Kuyambira 1993 mpaka 1997 ana ena a ku Tete anayamba sukulu m'Cinyanja, ndipo ana ena a ku Gaza anayamba m'Xichangana. Nchito yoyesera imeneyi inkachedwa PEBIMO. Kucokera mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri anayamba kufika m'sukulu zina zambiri. Mwana amayamba kuwerenga m'cilankhulo ca amayi ake, ndipo Cipwitikizi cimaonjezeka pang'onopang'ono. M'makalasi apamwamba Cipwitikizi cimaculuka, koma mau akavuta, mphunzitsi wabwino amafotokoza m'Cinyanja. Mwana akamvetsa, amabwereranso ku Cipwitikizi wopanda mantha. Zilankhulo ziwirizi zimathandizana. Mwana wosiya sukulu msanga amatsala asanadziwe bwino kulemba cilankhulo ciliconse.

Pa khoma pali mapu aja. Mnyamata wina amaitanidwa kutsogolo. Amaloza Tete. Amatsata mtsinje wa Zambezi ndi cala cake mpaka kunyanja yamcere. Amaloza damu la Cahora Bassa, pafupi ndi Songo, kumene kumapangidwa magetsi. Mnzake amaloza nyanja ya Niassa ndi tauni ya Metangula, kumene anthu amalankhulanso Cinyanja. Wina amaonetsa maiko oyandikana ndi Tete: Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Mwana wa ku Angonia amazindikira kuti mudzi wake uli m'dziko lalikulu.

Amaphunziranso mbiri ya dziko. Mozambiki analandira ufulu pa 25 Juni 1975. Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Aphunzitsi amawatuma kuti akafunse agogo awo zimene anaona m'zaka zimenezo. Motero agogo nawonso amakhala aphunzitsi.

Nchito zambiri ana amazicita m'magulu. Mabuku akacepa, buku limodzi amawerenga anthu atatu. Wodziwa Masamu amathandiza mnzake. Mnzakeyo amamuthandiza kuwerenga. Amaphunzira kumvera, kudikira ndi kulankhula pa gulu. Akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Ndi zoona kuti kunyumba kuli nchito. Cimanga cikauma, manja amafunika. Mbatatesi zimafuna kukumba. Madzi ndi nkhuni sizibwera zokha. Makope ndi zolembera zimafuna ndalama. Makolo amene amadandaula za izi sakunama. Koma mwana sakhala kusukulu tsiku lonse. Akaweruka akhoza kuthandiza. Loweruka ndi pa chuthi akhozanso kuthandiza. Coipa ndi kumujombetsa sabata yathunthu. Maphunziro amayenda ngati kumanga nyumba: njerwa ya lero imakhala pamwamba pa njerwa ya dzulo. Mwana wojomba amabwerera atatsalira. Amacita manyazi, ndipo mapeto ake amasiya.

Atsikana ndiwo amavutika kwambiri. Akayamba kusinkhuka, ena amauzidwa kuti akhale pakhomo, alere ana, kapena akwatiwe. Lamulo la mu 2019 limaletsa ukwati wa munthu amene sanakwane zaka 18. Lamulo la maphunziro la mu 2018 limati sukulu ya pulayimale ili ndi makalasi 6, ndipo mwana aliyense ayenera kuphunzira mpaka kalasi 9. Malamulo amenewa ndi a mnyamata ndi mtsikana yemwe.

Kholo losadziwa kuwerenga likhoza kuthandiza kwambiri. Likhoza kudzutsa mwana m'mawa. Likhoza kumupatsa cakudya asananyamuke. Likhoza kumupatsa nthawi yolemba nchito ya kunyumba dzuwa lisanalowe. Likhoza kumufunsa kuti: "Mwanawe, lero mwaphunzira ciyani?" Mwana akamafotokoza, amakumbukira bwino. Kholo lipitenso kusukulu pamene aphunzitsi aitana msonkhano.

Mwana wa kalasi 1 nayenso ali ndi nchito yake. Apite kusukulu tsiku lililonse. Asamale buku lake. Aphunzire zilembo ndi manambala, cifukwa wodziwa kuwerenga 1 mpaka 10 lero ndiye adzayeza munda mawa. Madzulo akhale pafupi ndi acemwali ake pamene akulemba, ndipo awafunse mafunso.

Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Kucokera kalasi 1 kufika kalasi 6 ndi ulendo wa zaka 6. Mwana amene akusuzumira pa zenera lero ali ndi malo ake m'kati. Makolo amuperekeze mpaka akalowe.